Malata Amene Atate Anakana Kugawa

Mvula ikamagwa pa denga la asibesitosi sisokosa ngati pa malata achitsulo. Imangonong'ona chapansipansi, munthu n'kugona tulo tofa nato. Nyumba yathu ya ku Chalimbana inali ndi denga lotere, lotuwa, lomera ndere zakuda m'mizere yake. Mwezi wa Okutobala, anzathu akupsa m'nyumba zawo, kwathu kunkazizira bwino, ndipo mnzanga Esnati, wa nyumba yoyandikana nafe, ankabwera masana kudzagona pa simenti pathu. Denga lija ndimalisowa, sindibisa.

Zidutswa zobenthuka m'mphepete mwake zinali chuma chathu. Ine ndi Esnati tinkazinola pamwala mpaka zikhale zozungulira, fumbi loyera lili mbuu m'manja, n'kumasewerera phada pabwalo. Zina tinkaponya pamoto kuti ziphulike, phwaa! ife n'kuthawa tikuseka.

Atate anali mmisiri wa madenga. Ankakwera minibasi kupita ku Lusaka n'kubwerako tsitsi litayera ngati achokera kuchigayo, chifukwa chocheka malata a mtundu womwewo ndi sowo. Chaka chimene ndinali mu giredi folo anayamba chifuwa chouma chosamva mankhwala. Anapita kuchipatala chachikulu m'tauni, ndipo atabwerako anakhala pakhonde nthawi yaitali, maso ali kudenga. Sabata yomweyo anati dengalo lichoke mvula isanagwe.

Kwathu chinthu chochoka panyumba sichitayidwa. Chitseko chakale chimakatseka khola la mnansi, lata lakale limakafolera bafa la wina. Choncho mbiri itamveka, amake Esnati anabwera m'mawa, nagwada pakhonde, naomba m'manja mwaulemu.

"Ba Phiri, munipaseko malata yabili chabe. Kichini yanga idontha."

"Sinizakupasani, amake Esnati," anatero atate. "Aya malata yadwalitsa."

Mayi aja anayang'ana denga, kenako anayang'ana atate. "Yadwalitsa? Nanga imwe simwagonamo zaka zonse izi?"

Atate anatsegula pakamwa, anationa ife ana tili pakhomo, n'kungokhala chete. Amake Esnati anadzuka, anasasa chitenje, anapita osatsanzika. Ine manyazi anandigwira, kufuna pansi patatseguka.

Atate anali atapita kale kukhonsolo kukafunsa kumene zinthu zotere zimaloledwa kutayidwa, ndipo akumeneko anawauza malo ake. Tsiku lochotsa anatikhazika ife ana, ndi Esnati yemwe, patali pansi pa mtengo wa mango. Iwo ndi amalume anavala zophimba pamphuno, ananyowetsa denga lonse ndi madzi amene amayi anatunga kudilawo, n'kumamasula lata lililonse pang'onopang'ono kuti lisathyoke. Ankalitsitsa ndi chingwe, kulikulunga m'pulasitiki wakuda wokhuthala, kulikulunganso, n'kumata. Amayi atagwira tsache, atate anakuwa kuti asasese, apukute ndi nsanza yonyowa, nsanzayo nayonso ilowe m'thumba. Mpweya wonse unkanunkha simenti yonyowa ndi pulasitiki wotenthedwa ndi dzuwa.

Kenako atate anabwera kumango kuja atatambasula dzanja. Ankafuna miyala yathu ya phada. Wanga ndinapereka ndikulira. Esnati anabisa wake kumbuyo, uja wosalala umene anaunola nthawi yaitali, koma atate anamufumbatula zala mofatsa n'kuutenga. Lole itabwera kudzanyamula, anansi anaima m'mphepete mwa msewu. Ndinamva mayi wina akuti, "Kuumira kwa bwanji uku? Kukulunga vinyalala monga maliro!"

Esnati sanabwerenso kwathu. Ndinkamudikira panjira ya kusukulu, iye n'kudzera ya m'minda. Mvula inagwa, denga latsopano likuchita phokoso loti munthu osamva mnzake, ndipo pawindo ndinkaona amake Esnati akuyala masaka pa kichini yawo, utsi ukutuluka paliponse, iwo atanyowa chonyowa. Eee, atate ndinawakwiyira nyengo yonse ija! Akandituma madzi ndinkawabweretsera, koma osawayang'ana kumaso. Iwo ankangolandira kapu, kutsokomola, n'kunena kuti zikomo mama.

Atate anamwalira ndili kusekondale. Pambuyo pake ndi pamene amayi anandiuza zimene dokotala anawauza atate tsiku lija anapita kuchipatala: fumbi la malata aja likalowa m'mapapo silituluka, limakhala zii zaka zambiri, kenako n'kuyamba ntchito yake. Lata losakhudzidwa silivuta kwenikweni, koma locheka, lothyola, lonola pamwala ndiye loopsa. Ndipo amake Esnati akanawacheka ndithu, chifukwa kichini yawo inali yaing'ono.

Esnati alipo, ali ndi ana akuluakulu, amagulitsa tomato pamsika wa ku Chongwe. Tikakumana amandikumbatira n'kumanditcha mwana wa ba Phiri oumira, tonse n'kuseka. Ndili mwana ndinkaganiza kuti atate anasowa choyankha pakhonde paja chifukwa analibe chifukwa chomveka. Lero ndikudziwa kuti yankho anali nalo, linali m'chifuwa mwawo, koma kuti alinene ankayenera kutiuza ife ana kuti akupita. Analola kutchedwa oumira kuti ife tikhale ndi atate abwinobwino kanthawi kena. Ndikanakonda kuwapatsanso kapu ya madzi, ulendo uno ndikuwayang'ana.