Mutu wa Nsomba wa Ba Shadreck

Ba Yande akhala akukazinga nsomba m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, pa Kafue, kuyambira ali mtsikana. Kale malole ochokera ku Chirundu ankagona pomwepo, madalaivala akudikira kuti mapepala a katundu awatsatire. Ba Shadreck, dalaivala wa lole ya feteleza, ankatha masiku ali pabenchi pawo, akudandaula za a kasitomu a pamalire. Ankakonda mutu wa nsomba, ndipo Ba Yande ankawasungira.

Tsopano boma linafewetsa zinthu, katundu amalolezedwa pakompyuta lole isanafike n'komwe pamalire. Amalonda akusangalala.

Ba Shadreck masiku ano amangoliza hutala n'kudutsa. Koma Ba Yande akamadula nsomba, mutu amauikabe pambali. Wogula akaufuna, amamuyankha maso ali kumsewu: "Uli na mwine wake."