Njira Yomwe Anagula a Lungu

Fungo la chikopa cha mbuzi chikatenthedwa pamoto wa udzu limandibwezera ku Zemba mpaka lero. Ine ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika, mphuno yanga inazolowera fungo la mabelo, koma wina akangowotcha kachikopa pafupi ndimapezeka ndili kuseri kwa tchalitchi chathu chaudzu, mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, ndikutembenuza ng'oma yaing'ono pamoto kuti ilire bwino. Linali dzinja lija nkhondo ya ku Mozambique isanathe. Mvula inkagwa mosalekeza, ng'oma zinkazizira n'kumalira ngati munthu wachimfine, ndipo mabenchi athu adothi ankasiya chinyontho kumbuyo kwa kabudula.

Ansembe ankabwera kamodzi pamwezi panjinga yamoto, mitsinje ikalola. Masabata enawo mapemphero ankayendetsa ndi a Mbewe, wapampando wa mpingo, pamodzi ndi a Lungu, otsogolera nyimbo. A Lungu anali Mnsenga wa ku Petauke, mkamwini m'mudzi mwathu, munthu wamtali woyenda chowerama. Mumpingomo ambiri tinali Achewa, koma munalinso Angoni angapo, nesi wa pakiliniki amene anali Mbemba, ndi anthu othawa nkhondo omwe anamanga tizisakasa kutsidya kwa dambo. Ena mwa othawawo ankayankhula ngati ife, ena Chinyungwe chokhachokha. Ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, osaimba, ndipo mapemphero akatha ankakhala oyamba kutuluka.

A Lungu anayamba kupita kutsidyako kawiri kapena katatu pasabata. Sipanatenge nthawi, tinaona akutiphunzitsa nyimbo ya Chinyungwe, kenako ina ya Chibemba, ndipo nesi uja anayamba kuimba mokweza mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Akuluakulu sanakondwe nazo. Ankati munthu angathe kutukwana Mulungu osadziwa, poti mawuwo sitinkawamva. Ena ankafunsana chapansipansi kuti mkamwini amakafunanji kwa anthu obwera, ambiri mwa iwo akazi opanda amuna, munda wake uli ndi udzu wofika m'mawondo.

Ine changa chinali china. A Lungu anatenga mnyamata wa kutsidyako, dzina lake Juwao, n'kunena kuti nyimbo zachilendozo ng'oma yaing'ono aziimba ndi iyeyo. Ng'oma yanga, imene ndinaiwamba pamoto zaka ziwiri. Malonda ndinayamba kale, choncho ndinamutengera Juwao mango khumi kuti akauze a Lungu kuti manja akumupweteka. Anagwedeza mutu movomera, anadya mango onse ine ndikuona, ndipo Lamulungu lake anaimba ng'oma ija bwino kuposa kale. Mpaka lero sindidziwa ngati sanamve Chichewa changa kapena anachimvetsa kwambiri.

Mtedza utayamba maluwa, anthu a kutsidya aja anangosiya kubwera. Panapita masabata atatu. Ine ndinasangalala chifukwa ng'oma inabwerera kwa mwini wake, koma a Lungu ankayambitsa nyimbo maso ali kukhomo, ndipo tsiku lina anasokoneza ndime, chinthu chomwe sanachitepo.

Lachitatu lina masana, ndikuchokera kofuna bowa, ndinawaona atakwapatira chinthu chokutidwa ndi chitenje. Kunsi kunkaoneka miyendo, kutsogolo mutu wa tambala wawo wofiira wa khosi lopanda nthenga, amene mudzi wonse unkamudziwa. Sanadzere msewu waukulu. Analowera kanjira kopita kunkhalango ya kumanda, akucheukacheuka. Mawa lake ndinapita kwawo kukabwereka mpeni wosemera, ndipo ndili kuseri kwa nkhokwe ndinawamva akuuza akazi awo motsitsa mawu: "Njira ija ndagula. Tambala wapita, koma usauze munthu."

Mwana aliyense wa Chichewa amadziwa kugula njira. Ndiko kulowa gule wamkulu: umapereka nkhuku, amakutengera kumanda, ndipo ukatuluka kumeneko umayenda momasuka osathamangitsidwa ndi zilombo. Kwa Mkhristu wa mpingo wathu masiku amenewo zinali zomuchotsetsa pa ukaristia, nanji amene amaima kutsogolo n'kumayambitsa nyimbo. Zonse zinagwirizana m'mutu mwanga: tambala, chitenje, manda, ngakhale kamvekedwe kachilendo ka nyimbo zija. Mpeni ndinauiwala.

Nkhani yotere sindikanaipereka ulele. Ndinaigulitsa kwa msuweni wanga ndi mbedza imodzi, nditamulumbiritsa kuti asauze wina. Pofika Loweruka inali itafika pachitsime, pachigayo ndi pakiliniki, ndipo inabwerera kunyumba kwathu itanenepa: amati a Lungu anawaona atadzola matope. Amayi anafufuza komwe inayambira n'kupeza kuti ndi pamphasa yawo yomwe. Anandigwira khutu mpaka kwa akuluampingo.

Lamulungu limenelo anthu a kutsidya anabwera onse, miyendo ili matope, koma palibe anawalabadira. Anthu ankaimba milomo yokha, maso ali pa a Lungu, kuyang'ana zikhadabo zawo, khosi lawo, ngati chizindikiro cha kumanda chingaonekere. Mapemphero atatha tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ntchentche zinkazungulira mango owola, kumwamba kukuchita mdima wa mvula. A Mbewe ndiwo ankayendetsa nkhaniyo. Anandiimiritsa, ndipo ndinanena zonse, pang'ono ndikunyadira kuti mpingo wonse ukumvera ine.

Atafunsidwa, a Lungu anaimirira chipewa chili m'manja. "Mwanayu sananame," anatero. "Mawuwo ndinanenadi." Anthu anang'ung'udza. Mkulu wina anawafunsa komwe tambalayo anapita, iwo n'kungoti amene anamulandira akudziwa. Anawafunsanso katatu, mwaulemu kenako mwaukali, koma sanawonjezerepo kanthu. Anthu a kutsidya anaima chapatali, osamva bwino chimene chikuchitika, akungoona kuti munthu yekhayo amene ankawayendera ndi amene waimitsidwa pakati.

Anagwirizana kuti a Lungu asiye kutsogolera nyimbo mpaka ansembe adzabwere, ndipo aliyense ankadziwa kuti munthu akatsika choncho sakweranso. Chinatsala n'chakuti wapampando atseke nkhani. A Mbewe nthawi yonseyi ankangopala matope kunsapato ndi kamtengo. Anatsokomola, n'kuyamba kunena kuti poti mpingo wagwirizana, iwo alibe mawu ena. Pamenepo akazi awo, a Najere, mayi wa Chingoni wosadziwa kunong'ona, anayankhula ali chikhalire pamphasa ya azimayi.

"Mukunena tambala wofiira wa khosi lometa uja? Ameneyo tinadya ndife Lachinayi. Bambo, mwaiwala? Chiwindi munadya ndinu."

Kenako a Najere anafotokoza zonse, mosathamanga. Kanjira kochokera kutsidya kankadutsa m'mphepete mwa munda wawo wa mtedza, kuseri kwa manda. Amuna awo anakatseka ndi minga poopa kuti obwerawo adzayamba kuzula mtedza ukakhwima. Njira ina yokhayo inali yodzera padambo, pomwe madzi ankafika m'chifuwa. A Lungu anapita kukapempha kawiri, anakanizidwa, ndipo kachitatu a Mbewe anati achotsa mingayo akalandira tambala, bola nkhaniyo isamveke. Mnsenga uja anaguladi njira, njira yeniyeni yopondapo ndi mapazi, osadziwa kuti mawu amenewo kwathu amalemera bwanji.

A Mbewe sanapepese. Anaimirira n'kutseka ndi pemphero lalitali kwambiri, mvula n'kuyamba kudontha asanafike pa ameni. A Lungu sanatsitsidwe. Komabe kukayika sikutha tsiku limodzi. Ena ankati a Najere anangowaphimbira, ndipo mabanja awiri anachotsa ana awo mukwaya osawabwezanso. Ine ndinkadikira kuthamangitsidwa. Lachisanu lake, pophunzira nyimbo, a Lungu anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti nkhani ija ndinaigulitsa zingati. Ndinati mbedza imodzi.

"Anakubera," anatero. "Pita ukakhale ndi Juwao, umuphunzitse mawu a nyimbo yolowera."

Nthawi imeneyo ndinkaona kuti a Lungu ndi munthu wosadziwa malonda: kupereka tambala wathunthu chifukwa cha kanjira, kenako kulolera kuchotsedwa pofuna kubisa munthu yemwe wadya tambalayo. Ndinkaganizanso kuti ntchito yawo inali kungoyambitsa nyimbo pamawu oyenera. Pano ndikuona kuti ankafuna onse akhale m'tchalitchi chimodzi, otsekeredwa njira ndi wotseka njira yemwe, ndipo ankadziwa kuti a Mbewe akanyozeka ndi pakamwa pa mkamwini, atuluka ndi abale awo onse. Za tambalazo ndimanenabe kuti anawonjeza, ine ndikanayambira pa mazira. Koma tsiku lija pansi pa mango, ndikanakhala ine, dzina la a Mbewe ndikanalitchula asanamalize n'kufunsa komwe.