Kagalimoto Kofiira ka ku Italiya

Fungo la tayala lopserera pamsewu lero landikumbutsa galaja ya bambo anga ku Mchesi. Ndili Sitandade 3, mzungu wina wokalamba anabweretsa kagalimoto kofiira ka ku Italiya, akuti kale kankapambana mipikisano. Atakakonza, bambo anati, "Kwera, mwanawe, tikakayese."

Bambo anali mkulu wa mpingo, munthu wosathamanga ngakhale panjinga. Koma titangotuluka m'tauni anaponda moto, mitengo ikungothawira kumbuyo. Mwadzidzidzi mbuzi inadumpha msewu. Anaponda buleki, kagalimoto kanazungulira kawiri n'kuima katayang'ana komwe tinachokera.

Ine ndinali nditadzikodzera. Nditacheuka, ndinapeza bambo akuseka ngati kamwana.

"Waona mmene kamakhotera? Tibwerezenso?"