A Blaise Alufandika, Woperekeza Alendo pa Phiri la Zomba

Akhristu a m'parishi yathu, mwezi uno tikukumbukira bambo Blaise Alufandika a mphakati wa ku Chinamwali, amene Ambuye anawaitana mu Julaye 2023. Zambiri zimene zalembedwa pano zachokera pakamwa pa bambo Henderson, mnzawo wa paubwana, amene anakana kwamtuwagalu kuti dzina lawo libisidwe. "Lembani zonse," anatero, "ndipo musaiwale kulemba kuti munthu ameneyu ndinamuchitira nsanje moyo wanga wonse."

A Blaise anabadwa mu 1952 m'banja la wocheka matabwa. A Henderson anabadwa chaka chomwecho, nyumba zawo zili zoyang'anana. Anabatizidwa tsiku limodzi, analandira ukaristia woyamba tsiku limodzi, ndipo ali anyamata ankagulitsira limodzi masitiroberi ndi magalagadeya m'mphepete mwa msewu wokwera kuphiri. Nsanje inayambira pamenepo. Galimoto ikaima, Henderson ankathamanga, kukuwa, mpaka kulowetsa mbale pawindo. Blaise ankangoima poteropo ngati munthu wodikira basi. Koma taonani, mlendo ankatuluka n'kulunjika kwa woima chete uja! Henderson ankatsika phiri zipatso zitafota, mtima ukuwawa.

Atakula, onse awiri analowa ntchito yoperekeza alendo, imene kuno timangoti ugaidi. Magaidi a paphiri ali ndi lamulo lawo: amakhala pamzere, ndipo galimoto ikafika, amene ali patsogolo ndiye amatenga alendowo. A Blaise anakwatira mayi Juliana mu 1978, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu. M'mawa uliwonse ankakwera phiri wapansi, kolona ili m'manja. Lamulungu lokha sankakwera, ngakhale alendo atachuluka bwanji, chifukwa linali tsiku la Misa ndi loyendera odwala a mumphakati, umene anautsogolera zaka zambiri.

Pa ntchito anali anthu osiyana kwambiri. A Henderson anali ndi pakamwa, eti! Akafika ndi alendo pa dzenje la Chingwe ankafotokoza nkhani mpaka kuthiramo mchere wawo. A Blaise sankatenga anthu oposa anayi, ndipo akalowa m'nkhalango ankayenda pang'onopang'ono, chala chili pamlomo. Ankakonda kunena kuti, "Tchalitchi ichi anamanga yekha Mulungu. Polowamo munthu amatsitsa mawu."

Tsono panali malo ena m'mbali mwa kamtsinje, pamene mitengo yakale yachilengedwe inapulumuka ku nkhwangwa ndi ku moto. Pamenepo pankakhala kambalame kakang'ono, kachikasu pachifuwa, kakuda kumsana, koyera m'mapiko. Ife tingakadutse osakacheukira n'komwe, koma alendo ena ankakwera ndege kuchokera kutali kudzangoona kameneko. Malowo ankawadziwa ndi a Blaise okha. Motero alendo akatsika galimoto ankafunsa kuti, "Kodi Blaise alipo?" Ndipo mlendo akatchula dzina, mzere sugwiranso ntchito. Kangati a Henderson anaimirira, atakonza kale kolala, n'kukhalanso pansi anzawo akuseka! A Blaise ankabwera kudzapepesa, ndipo kupepesako n'kumene kunkawapweteka koposa.

Mu 2015 kunabwera mayi Tusekile, wophunzira wa ku yunivesite, amene anatha miyezi ingapo akufunsa alendo zimene amakonda, kuti komiti ya magaidi ikonze dongosolo losamalira phiri. Tsiku lowerenga zotsatira, a Henderson ankayembekeza kumva za misewu ya phula ndi malo omwera. Ayi ndithu. Alendo ambiri anati akufuna mitengo yakale, bata, timagulu tochepa ndi njira zopanda zinyalala. Komiti inagwirizana kuti malo a kambalame aja akhalebe m'manja mwa a Blaise, anthu azipitako anayi okha, ndipo nyengo yoikira mazira pasapondeke phazi. Anthu anawomba m'manja. A Henderson nawo anawomba, koma mwachiphamaso.

Sabata yomweyo anawatsatira a Blaise chapatali, akubisala m'mitengo ya paini, mpaka anawaona malowo. Ndipo ankadziwa bwino tsiku limene mwini wake sakwera phiri. Lamulungu lotsatira, Akhristu anzawo ali ku Misa akuimba Ambuye mutichitire chisoni, a Henderson anali atatenga basi yonse ya alendo, atanamiza magaidi anzawo kuti akupita ku dzenje la Chingwe. Atafika pa kamtsinje anasenga tchire ndi chikwanje kuti ojambula aone bwino, kenaka anatsegula foni imene inali ndi kulira kwa kambalame kaja. Timbalameto tinatuluka mothamanga, kufunafuna mdani amene walowa m'malo mwawo, alendo akusangalala. Anachita zimenezi Malamulungu anayi, m'nyengo yeniyeni yoikira. Lamulungu lachisanu analiza foni mpaka batire kutha, koma kunali zii. M'chisa munatsala mazira awiri, atazizira.

Nkhani inafika ku komiti. Anapeza udzu utapondedwa, mabotolo ali mbwee. Wapampando anafunsa kuti, "A Alufandika, malowa mumawadziwa ndinu nokha. Mwaonetsa ndani?"

A Blaise anaimirira, chipewa chili m'manja. "Sindinaonetse munthu. Koma malowo munawaika m'manja mwanga, ndipo sindinawasamale."

Anawachotsa pamzere tsiku lomwelo. A Henderson anali pomwepo, pabenchi yachiwiri, ndipo sanatsegule pakamwa. Akunena okha kuti mtima wawo unakondwa tsiku limenelo, Mulungu awakhululukire.

Zaka zotsatirazo zinali zowawa. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi anayamba kusenza nkhuni za paini kutsika nazo ku Chinamwali, mayi Juliana akugulitsa zipatso pamsewu. Ena mwa ife, tivomere, tinkanong'onezana kuti achikulire aja anadyera phiri kuseri, kolona inali yongonamizira. Atamva zimenezo anatula udindo wa mphakati kuti pasakhale mpungwepungwe, koma kwa odwala sanasiye kupita. Kuseri kwa nyumba yawo anafesa mitengo ya mbawa, mkuyu ndi katope m'timachubu, ndipo mvula ikagwa ankasenza mbande kukabzala m'mitsinje ya paphiri popanda wowatuma.

Nanga a Henderson anapeza mtendere? Alendo ankawatenga ndithu, koma akangoyenda nawo pang'ono ankamva funso lomwe lija: "Blaise anapita kuti?" Ku tchalitchi anasamukira benchi yakumbuyo. Kolapa sankapita, chifukwa ankadziwa kuti bambo mfumu adzawauza kuti akayeretse dzina la mnzawo. Anatha zaka zisanu ndi zitatu osalandira ukaristia, akuwaonerera a Blaise akupita kutsogolo ndi nsapato zong'ambika. Ngakhale pamenepo, iwo akuti, nsanje ndi imene inkawadya kuposa chisoni.

Chifuwa chinawagwira a Blaise nyengo yozizira ya 2023. Bambo mfumu atawadzoza mafuta a odwala, a Blaise anapempha kuti awaitanire a Henderson. A Henderson anafika masana, n'kuima pakhomo ngati mlendo.

"Lowani, achimwene, khalani apa pafupi," anatero wodwalayo.

A Henderson anagwada m'mbali mwa mphasa. "Achimwene, za kamtsinje zija..."

"Ndinkadziwa. Tchire lija linasengedwa ndi dzanja lamanzere. Paphiri ponse wamanzere ndinu nokha."

"Nanga bwanji simunanene? Zaka zonsezi!"

"Ine anangondilanda mzere. Inu akanakulandani mzere, mukanataya ndi Mulungu yemwe. Ndimakudziwani, achimwene." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Koma sindinakuitanireni zimenezo. Timbalame tija tinabwerera. Tili pa kamtsinje kena, pamene ndinabzala katope. Palibe amene akudziwa. Tcherani khutu ndikuuzeni njira."

Mayi Juliana, amene anamva zonse ali chapakhomo, analephera kupirira. "Bambo, zoona? Mukuuza ameneyu? Ameneyu amene watisenzetsa nkhuni mpaka misana kupindika?"

"Ameneyu, mayi. Ndi yekhayu amene anaona mazira atazizira. Sadzabwerezanso." Kenaka anafotokoza njira yonse, mwala ndi mwala, n'kumaliza kuti, "Anayi okha, achimwene. Foni ikhale m'thumba."

Anamwalira m'mawa mwake dzuwa litatuluka, akazi awo ndi ana akupemphera kolona, popanda kubuula kapena kuphupha.

Pa maliro, nthawi ya zolankhula itakwana, a Henderson anaimirira osaitanidwa. Pamaso pa komiti, pa Akhristu ndi pa mayi Juliana, anafotokoza za chikwanje, za foni ndi za benchi yachiwiri ija. Ambiri a ife tinaweramitsa mitu, chifukwa manong'onong'o aja anali athu. Komiti inapepesa kubanja, ndipo inafuna kuwachotsa a Henderson pamzere. Amene anailetsa ndi mayi Juliana, misozi ili m'maso. "Malemu anamusiyira ntchito ameneyu. Musiyeni akaigwire." Loweruka lotsatira a Henderson anapita kolapa.

Lero amakwera phiri ndi ndodo, alendo anayi ali pambuyo, ndipo amene ankawadziwa kale amadabwa kuti pakamwa paja panapita kuti. Tiyeni tiwapempherere bambo Blaise, kuti Ambuye amene anawatumikira mwakachetechete awalandire m'mpumulo wawo. Tiwapemphererenso amene anatsalawa. Pomaliza kucheza nawo, a Henderson anafunsidwa ngati nsanje ija tsopano inatha, ndipo anapukusa mutu.

"Ithere kuti? Ndinamuona munthu uja atagona, nkhope ili phee, wopanda chosungira munthu aliyense mumtima. Imfa imeneyo ndikuifuna nanenso, ndipo masiku oikonzekera anditsalira ochepa."