Dothi la Kuseri kwa Chigayo

Nditatumizidwa kukagwira ntchito ya zaumoyo ku Kaseye, ndinapeza nyumba kwa mayi wina wamasiye amene ankakhala m'mbali mwa dambo. Ine wa ku Mulanje, Chitumbuka changa chinali "yewo" basi, iwonso Chichewa chawo chinali chosakaniza, koma tinkamvana. Ankanditchula "mwana wane", ine ndinkati amama.

Chaka chachiwiri, bambo wina wamalonda wochokera m'chigawo chapakati anamanga chigayo cha dizilo kuseri kwa khitchini ya amama. Chilimwe chonse tinkangodandaula phokoso. Mvula itakhazikika m'pamene zinavuta.

Dothi la pamenepo ndi mchenga wosalala wosakanikirana ndi matope. Ukaliponda limakhala gwa, ngakhale mvula itagwa dzulo lake. Koma injini ikalira kanthawi, pabwalo pankayamba kunyezimira, madzi n'kumatuluka pansi ngati thukuta, dothi n'kumanjenjemera ngati phala. Tsiku lina amama anatsamiritsa khasu kukhoma. Chigayo chikugaya, khasulo linamira mpaka theka la mpini ife tikuona. Injini itazima dothi linalimbanso, moti tinachita kukumba kuti tilizule.

Ndinapita kwa mwini chigayo.

"Bambo, makina anu akusungunula nthaka. Khitchini ya amama yayamba kupendama."

Anaseka. "Mayi, inu zanu ndi katemera. Nthaka imasungunuka ngati shuga?"

Ndinakadandaula ku boma, ndipo patapita nthawi kunabwera akuluakulu awiri pa njinga yamoto. Tsiku limenelo chigayo sichinalire. Anayendayenda pabwalo, wina n'kumamenya pansi ndi chidendene cha nsapato.

"Apatu ndi polimba ngati msewu," anatero.

"Auzeni alize injini muone nokha," ndinawachonderera.

"Dizilo watha," anayankha mwini chigayo, chonsecho zigubu zinali pakhomo pomwepo, zodzaza. Akuluakuluwo anazionanso. Anamwa tiyi m'chigayomo, n'kubwerera.

Khoma linagwa masana, anthu ali pamzere ndi matumba awo a chimanga. Amama anali m'khitchini akutsuka miphika, ndipo njerwa zinawaphwanya mwendo. Ndinaumanga ndi thabwa ndi chitenje changa, tinawanyamulira kuchipatala. Mwini chigayo sanazimitse injini mpaka anthu onse atagayitsa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chimene chinatsatira. Mphekesera inabuka yoti amama anakwirira mankhwala pabwalo kuti chigayo chimire chifukwa cha nsanje, ndiye mankhwalawo anawatembenukira. Amayi omwe ankadzapempha mchere pakhomo pathu anasiya ngakhale kufunsa za mwendo.

Lamulungu lina ndinatapa dothi lija m'beseni n'kupita nalo kutchalitchi. Titatuluka, ndinaimitsa anthu pansi pa mtengo. Ndinaika mwala pamwamba pa dothilo, unangokhala. Kenako ndinayamba kugwedeza beseni pang'onopang'ono osaleka. Madzi anatuluka, mwala unamira. Nditasiya, ndinauza mayi wina kuti alowetse chala, chinakanika.

"Mwaona? Palibe mankhwala apa. N'kugwedezeka basi."

Kenako bambo wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti mayi aja mankhwala awo awaphunzitsa ndi alendo omwe."

Ndinataya dothilo pomwepo. Ndinayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba osapatsa munthu moni.

Amama atatuluka m'chipatala sanafune kubwerera. Mwana wawo wamkazi anawatengera ku Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Ndinakawaona kamodzi ndisanasamutsidwe. Ndinawapeza atakhala pamphasa akusankha khofi, ndodo ili pambali, mwendo utapola mokhota. Za chigayo sanafunse. Anangofunsa ngati nthochi zawo zinabereka.

Ndinawauza zoona, kuti nthochizo anazidula. Pamene panali khitchini yawo, mwini chigayo anathirapo miyala yambiri n'kumangapo shedi yoti ogayitsa azibisalamo mvula. Amama anasiya kusankha khofi, n'kundifunsa kuti anamupatsa malowo ndani. Mpaka lero palibe amene anandiuza.