Chitsulo chimene Che Jafali anapachika kudenga

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka kugalaja Lolemba, sabata yoyamba ya mwezi wa Ramadani, ndipo kope lake ndili nalo. Kalata yachiwiri ndinapititsa Idi itangodutsa, mlonda wa pageti n'kusaina kuti walandira. Yachitatu anakana kuilandira, ndiye ndinailowetsa kunsi kwa chitseko cha ofesi anthu awiri akuona. Nkhani yake ndi ya chitsulo chimodzi cha m'injini ya galimoto yanga, chotchedwa kamushafuti, chimene anachotsa osandibwezera. Amakaniko a pamenepo amatsinana akandiona ndikubwera ndi envelopu yanga yakhaki. Amati agogo avuta chifukwa cha chitsulo chakutha. Sadziwa kuti ine ndinakulira kuseri kwa mpanda wa makaniko wina, Che Jafali.

Ndikakumbukira Che Jafali ndimamva fungo la oyilo wakuda wowombedwa ndi dzuwa, losakanikirana ndi la palafini amene ankatsukira mabawuti m'beseni lobooka m'mphepete. Nyumba yathu ndi yawo zinalekanitsidwa ndi mpanda wa bango basi, kuno ku Mangochi, kufupi ndi mtsinje. Ndikamasesa pabwalo m'mawa ndinkamva sipanala ikugwera pamwala, kenako kutsokomola kwawo kwapansipansi, kenako injini ya munthu wina ikuyesa kudzuka pansi pa mtengo wa bwemba umene unali galaja yawo. Anabwera ali mnyamata kuchokera kutsidya la malire, ku Mozambiki, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka ndi kamvekedwe ka Chiyao mpaka imfa yawo. Nthawi ya swala, pemphero lathu la Chisilamu, ikakwana ankasiya ntchito ngakhale bawuti itatsala pang'ono kumasuka, n'kutsuka manja ndi mchenga ndi phulusa mpaka mizere ya m'zikhato ioneke.

Mayi ankandituma kukawapatsa tiyi chakum'mawa. Tiyiyo sankayamba n'kumwa. Ankaika kapu pa boneti ya galimoto imene akonza, injini ikulira payokha, n'kuima chete akuyang'ana. Tiyi akangonjenjemera pang'ono osafika pamlomo wa kapu, ankanyamula n'kumwa. Akatayika, ankatsegulanso boneti.

"Mwini galimoto amanama, makaniko amanama," ankandiuza choncho. "Tiyi sanama, mama."

Kuseri kwa nyumba yawo kunali chisakasa, ndipo kudenga kwake kunkalendewera zitsulo zokulungidwa m'masaka, chilichonse chili ndi kapepala kake komangirira ndi luzi. Zilembo za kusukulu sankazidziwa, choncho ankalemba ndi zilembo za Chiarabu zimene anaphunzira kumadrasa: dzina la mwini, ndi galimoto imene chachokera. Lamulo lawo linali lakuti chimene chatuluka m'galimoto n'cha mwini galimotoyo. Mwiniyo akachikana, iwo ankamusungira.

Bambo anga, Che Amidu, anali ndi pikapu yakale imene ankanyamulira chambo chachiwisi kupita nacho kumsika wa ku Namwera. Injini yake inali wamba, yopuma mpweya mwa iyo yokha, yopanda zoipopera monga zili m'galimoto zina za masiku ano. Sinkathamanga, koma phiri la msewu wa ku Namwera inkakwera ndi madengu odzaza, pang'onopang'ono ngati ng'ombe yapangolo. Chimene chinkawapweteka bambo n'chakuti mnzawo wina wa malonda omwewo ankawapitirira pachigwa tsiku lililonse, akuimba huta ndi kuwabayibitsa. Nkhaniyi tinkaimva pachakudya chilichonse.

Tsiku lina bambo anabwera kuchokera ku Blantyre ndi chitsulo chachitali chonyezimira, chokulungidwa m'nyuzi. Ndinali nditangofika ndi tiyi pamene anachivundukula pamaso pa Che Jafali.

"Achimwene, mankhwala aja ndi awa. Kamushafuti ya galimoto zampikisano. Akuti ikukwana ndendende m'injini yanga."

Che Jafali anachitembenuza m'manja nthawi yaitali, akusisita ndi chala mfundo zotupa zimene zinandandalika pachitsulocho ngati mfundo za nzimbe. Kenako anandiitana ine, ngati kuti wofunika kuphunzitsidwa ndine.

"Ona, mama. Chitsulochi chikamazungulira, mfundo izi zimakankha timakomo ta injini kuti ipume. Za bambo ako n'zazing'ono: khomo litseguka, litsekeka msanga. Izi n'zazikulu, khomo limakhala chitsegukire nthawi yaitali. Pothamanga n'zabwino. Koma poyenda pang'onopang'ono mphamvu imathawira pakhomo pomwepo."

"Ine ndikufuna mphamvu," anatero bambo.

"Mphamvu yothamangira kapena yonyamulira? N'zosiyana, Che Amidu. Wopalasa bwato lodzaza sapuma ngati wothamangitsidwa ndi galu."

"Achimwene, inu mumaopa chilichonse chatsopano. Wayilesi munaikananso."

"Wayilesi sikwera phiri ndi nsomba."

Bambo anaseka, koma sanasinthe maganizo. Anati galimoto ndi yawo. Che Jafali anavomereza kuti ndi yawodi, n'kupempha masiku awiri. Ntchitoyo anaigwira mosamala ngati anaigwirizana nayo: bawuti iliyonse anaiika pansalu mwa ndondomeko yake, mipata anaiyeza ndi timapepala tachitsulo topyapyala, ndipo sanalole munthu kuwalankhulitsa pamene ankalumikiza tcheni. Atamaliza analiza injini n'kuika kapu pa boneti. Pikapu yonse inkagwedezeka ngati munthu wa malungo, kulira kwake kodukizadukiza. Tiyi anatayika n'kutsetserekera pa nyali.

"Mwamva? Ndiye mphamvuyo," anatero bambo, nkhope ili mwee.

Che Jafali anapukuta boneti. Anatenga kamushafuti yakale n'kuwapatsa bambo ndi manja awiri.

"Chanu ichi."

"Ndichitenji? Msodzi wina padoko wakhala akundipempha chitsulo cholemera choti apange nangula. Ndikamupatsa."

Anakamupatsadi tsiku lomwelo. Masana ake, ndikuchokera kotunga madzi, ndinakumana ndi Che Jafali akulowera kudoko atasenza paphewa chidutswa cha ekiselo yothyoka, chitsulo cholumikiza matayala, thukuta lili kamukamu. Ndinawafunsa kumene akupita nacho. Anati akukacheza.

Ulendo woyamba ndinapita nawo chifukwa sukulu inali yotseka. Titawoloka Shire, pachigwa paja, pikapu inauluka. Mnzawo uja tinamupitirira, bambo n'kumuimbira huta katatu, ine n'kumubayibitsa ndi manja onse awiri. Sindibisa, zinandikoma. Kenako tinayamba phiri. Pakona yachiwiri panali ng'ombe mumsewu, bambo anachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima, ndipo atapondanso mafuta injini inangobuula n'kuzima. Analiza. Inagwedezeka, inasuntha pang'ono, inazimanso. Ndinatsika kukaika miyala kumatayala. Anayesa kunyamuka injini ikukuwa, mpaka m'galimoto monse munadzaza fungo la kilatchi yopserera, lofanana ndi la tsitsi lowauka. Mnzawo uja anatipeza pomwepo. Sanaimbe huta. Anangodutsa pang'onopang'ono akutiyang'ana, ndipo zimenezo zinawawawa bambo kuposa huta.

Tinatsitsa madengu onse, kukweza galimoto yopanda kanthu mpaka pamalo athyathyathya, n'kubwerera kukasenza dengu limodzilimodzi. Kawiri konse tinachita zimenezo. Pofika ku Namwera dzuwa linali litapendeka, msika utaphwasuka, ndipo pansi pa masaka onyowa chambo chinali chitayamba kufewa mimba, ntchentche zili ng'waa. Amayi owamba nsomba anasankhamo zochepa. Zotsala tinakwirira m'dzenje kuseri kwa msika. Tinabwerera kunyumba ndi madengu opanda kanthu.

M'mawa mwake bambo anazungulira mpanda wa bango m'malo moitana ali kwathu monga ankachitira. Ndinawatsatira ndi tiyi. Anakhala pa tayala lakale, kofia ili m'manja.

"Achimwene, phiri landikana."

"Ndamva."

"Chitsulo chija chili pansi pa nyanja. Kupeza china chotere mpaka ku Blantyre, mwinanso osachipeza. Ndiye ana adya chiyani masiku onsewo?"

Che Jafali sananene kuti ndinakuuzani. Anawapatsa bambo kapu yawo ya tiyi n'kuwauza kuti ayambe amwa. Atamwa, Che Jafali analowa m'chisakasa, n'kutuluka ndi saka lomangidwa ndi luzi, kapepala kakulendewera. M'katimo munali kamushafuti ya bambo, yopakidwa girisi kuyambira kumutu mpaka kumchira. Sinakhudze madzi. Tsiku lija ndinakumana nawo, ankapita kukasinthanitsa ndi ekiselo ija, ndipo msodziyo anakondwa chifukwa ekiselo inali yolemera kuposa.

"Munthu amabweza maganizo, Che Amidu," anatero akumasula luzi. "Nyanja sibweza chitsulo."

Bambo anayang'ana kapepalako nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti palembedwa chiyani, popeza Chiarabu chawo chinali cha mapemphero okha.

"Palembedwa kuti: cha Amidu, abwera Lachisanu."

"Lero ndi Lachinayi."

"Ndiye mwafulumira. Ndinkayesa ndinu ouma mutu kuposa pamenepa."

Patapita masiku awiri tiyi anakhala bata pa boneti, ndipo pikapu inabwerera kuntchito yake yopitiriridwa pachigwa ndi kukwera phiri osaima. Chitsulo chonyezimira chija nachonso chinapakidwa girisi n'kupachikidwa kudenga ndi kapepala kake, chifukwa nachonso chinali cha bambo. Kapepala koyamba kaja ndinakatola pansi pa bwemba. Ndi pepala loyamba limene ndinasunga pa moyo wanga, ndipo lili pamwamba pa ena onse m'bokosi langa, pamodzi ndi a zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya ukalaliki.

Tsopano ndine wokalamba, ndipo ndili ndi kagalimoto kanga ka injini wamba, kamene ndimatengera amuna anga kuchipatala mwezi uliwonse ndi kukaonera mng'ono wanga ku Namwera. Mdzukulu wanga anakapititsa kugalaja kuti akasinthe oyilo ndi mapulagi. Kumeneko anamukopa kuti aikemo kamushafuti ya mfundo zazikulu kuti kazithamanga, iye n'kuvomera, poganiza kuti andisangalatsa. Iyeyo ndinathana naye kunyumba, ndipo anapepesa. Koma buku la galimoto lili m'dzina langa, ndipo pakapepala kantchito kamene galajayo inalemba pali oyilo ndi mapulagi basi. Lero kagalimotoko kamanjenjemera pamphambano, kandizimira kawiri pamlatho pakati pa akabaza amuna anga ali m'kati, ndipo phiri lija sindinayerekeze n'komwe. Ndinaika kapu ya tiyi pa boneti pamaso pa mwini galajayo. Tiyi anatayika. Iye anati, "Amayi, ndiye mphamvuyo." Mawu amenewo ndinawamva kale ndili mwana, ndipo ndikudziwa kumene amathera.

Nditafunsa za chitsulo changa chakale, wina anati chili m'chipinda chosungira katundu, wina anati anatenga ogula zitsulo zakutha, wina anati sakukumbukira. Mayankho atatuwa ndinawalemba, lililonse ndi tsiku lake ndi nkhope ya amene ananena.

Choncho, kwa inu mwini galaja, amene mukudzidziwa: ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba, ndi siginecha yanu, kumene kuli kamushafuti ya galimoto yanga. Ngati ilipo, muibwezere m'malo mwake tsiku la chipatala la amuna anga lisanafike, ndipo yanu yonyezimirayo muisunge ndi kapepala kake. Ngati munaitaya, mulembe kuti munaitaya, ndi tsiku limene mudzapeze ina yofanana nayo. Ndikhala ndikudikira yankho lanu. Tsiku loyesa galimotoyo, kapu ndi tiyi ndidzabwera nazo ndekha.