Malemu Anaitana Lejisitala

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo mpaka lelo ndikakumbuka ndimaseka ndekha.

Pasukulu pathu ku Nyimba anaika masipika m'kalasi iliyonse, onse olumikizidwa ku swichi ya m'chipinda cha makompyuta. Aphunzitsi a kompyuta anatifotokozela kuti mau amachoka kamodzi kokha kupita ku adilesi ya gulu, ija yoyamba ndi 239, ndipo swichi imawapeleka kwa masipika okhawo amene analowa m'gulumo. Giledi iliyonse inali ndi gulu lake. Pasiwedi anaimata kunsi kwa kiyibodi, ndinaiona tsiku losesa.

M'kompyutamo munali mau a aphunzitsi a masamu amene tinawaika m'manda temu yapitayo. Tsiku loyesa masipika, iwo ndiwo anaitana lejisitala ya Giledi 9, ndipo anajambulidwa.

Ine ndimafuna kuopseza Giledi 9 yokha. Ndinazemba pilyodi ya masana n'kulowa m'chipinda cha makompyuta. Nambala yomaliza ya gulu lao sindinaidziwe, ndinangolemba 1 n'kuliza mau aja. Kumeneko kunali kulakwa, chifukwa 1 linali gulu la sukulu yonse.

Kunja dzuwa lili phwee. Malemu anayamba ndi kutsokomola, monga ankachitila. Chifuwacho chinamveka m'makalasi monse, mu stafulumu, ndi pamtengo wa pabwalo la asembule pomwe panalibe munthu. Kenako maina, limodzi limodzi, akusiya kampata koti munthu ayankhe. Sukulu yonse inati zii. Kwathu mwana aliyense amadziwa kuti ukaitanidwa ndi munthu amene sukumuona, suyankha.

Koma mtsikana wina wa ku Kacholola anali atawelama, akukopela manotsi. Atamva dzina lake anangoti, "Ndilipo."

Malemu anati, "Bwela kuno kutsogolo."

Zimenezo ine ndinali ndisanazimvepo, chifukwa mau ojambulidwawo sindinawamvetsele mpaka kumapeto. Nanenso tsitsi linandiima. Anzake a mtsikanayo anasuntha mabenchi, iye anatsala yekha pakati.

M'mawa mwake amai ake anabwela kudzamutenga, mayeso atatsala milungu iwili. Anati mwana wao sadzapondanso pamalo pamene akufa akumuitana. Apo ndiye ndinapita kwa ahedi kukaulula. Anaitanitsa amaiwo, ndipo ndinawalizila mauwo katatu, kuimitsa ndi kuyambitsanso ndi chala changa.

"Ndiye kuti ndiwe unawadzutsa?" anandifunsa amaiwo.

"Sanadzuke, amai. Ndinangophonya nambala."

"Ukanakhala wanga, bwenzi ukudyela choimilila sabata yonse."

Mtsikanayo anabwelela n'kulemba mayeso. Moni wanga sayankha.

Ahedi anandipatsa khasu ndi piki kuti ndikumbe ngalande ya waya watsopano, kuchokela ku chipinda cha makompyuta kukafika ku geti. Anati masiku atatu. Dothi linali louma ngati njelwa, koma ngalandeyo inkadutsa pansi pa mtengo wa mango wa ahediwo, mango atayamba kupsa. Pamenepo pokha ndinakumbapo masiku anai.